CS50x ya Harvard kwa mwana wa sixth form: maphunziro ake ngolemera, satifiketi yake njopepuka

Mwana akamaliza mayeso a GCSE ku England n'kulowa sixth form, pa pepala amakhala ndi zaka ziwiri, Year 12 ndi Year 13, zophunzira ma A-level, asanapite ku yunivesite. Koma si zaka ziwiri zathunthu. Amene akufuna Oxford kapena Cambridge amayenera kutumiza fomu ya UCAS, bungwe limene mafomu olowera mayunivesite a ku Britain amadzera, pofika pa 15 Okutobala, atangolowa kumene Year 13, ndipo ena ambiri amatumiza mu Januwale. Ndiye kuti chilichonse chimene mwana adzatchule monga umboni woti za makompyuta amazikondadi ayenera kukhala atachichita kale pofika kumapeto kwa tchuthi chachitali cha Julayi ndi Ogasiti. Makolo amene anakulira pa MSCE, kumene mapointi amalankhula okha, apa amadzidzimuka mochedwa. Pa mafunso atatu a personal statement, nkhani yodzifotokoza imene mwana amalemba pa fomuyo, amene UCAS inayamba kugwiritsa ntchito kwa olowa mu 2026, lachitatu limafunsa ndendende zimene mwana wachita kunja kwa kalasi pokonzekera kosi imene akufunayo.

Dzina limene limamveka kwambiri poyankha funso limeneli ndi CS50x. Ndi kosi yoyambira ya sayansi ya makompyuta ya Harvard University, imene David J. Malan wakhala akuphunzitsa kuyambira 2007, ndipo inayamba kupezeka kwa aliyense pa edX, webusayiti ya makosi a pa intaneti, mu 2012. Chiweruzo chathu tinene poyamba pomwe. Pa makosi aulere amene mwana wa zaka 16 kapena 17 angachite yekha kuchipinda, iyi ili m'gulu la pamwamba zedi. Koma chimene anthu ambiri amaithamangira, satifiketi yokhala ndi dzina la Harvard, ndicho chopanda mphamvu kwambiri pa zonse zimene kosiyi imapereka.

Kulembetsa sikuvuta, koma pali msampha wa ndalama. Kosi yonse ili pa cs50.harvard.edu/x, ndipo mavidiyo, manotsi, homuweki ndi kuchongeredwa zonse n'zaulere. Amene wapeza 70 peresenti kapena kuposa pa homuweki iliyonse ndi pa pulojekiti yomaliza amalandira CS50 Certificate osalipira kanthu. Pa edX pali satifiketi ina yolipira, ya madola oposa 100, ndipo tsamba lawo limaiika patsogolo mwakuti kholo lingaganize kuti popanda iyo mwana sachongeredwa. Maphunziro ake ndi omwewo, homuweki zake ndi zomwezo. Kwa mwana wa sixth form ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku mabuku a masamu.

Chofunika ndi akaunti ya GitHub, webusayiti yosungirapo code, ndi laputopu iliyonse yotha kutsegula browser. Chromebook ya kusukulu ikwanira. Code yonse imalembedwa pa cs50.dev, amene ndi Visual Studio Code yoyenda pa intaneti, yokhala kale ndi compiler, pulogalamu yomasulira code kuti kompyuta iimve, ndi zida zonse za kosiyi. Apa okonza kosi anaganiza bwino, chifukwa oyamba kumene ambiri amagwa ulesi pa tsiku loyamba akulimbana ndi kuika compiler pa Windows asanalembe mzere ndi umodzi womwe. Zida zimene mwana azigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi zinayi: check50 imayesa ngati pulogalamu ikupereka mayankho olondola, style50 imaona kalembedwe, debug50 imalola kuyenda mzere ndi mzere uku ukuona zimene zili m'ma variable, ndipo submit50 ndi yotumizira. Vuto lofala ndi lakuti netiweki za masukulu ambiri zimatseka ma adiresi a GitHub, ndiye cs50.dev imangozungulira osatseguka. Kumeneko si kuwonongeka kwa laputopu. Afunse a IT a pasukulupo kuti atsegule, apo ayi azigwirira ntchito kunyumba kapena ku laibulale.

Sabata iliyonse ili ndi lecture ya maola awiri kapena kupitirira, yojambulidwa mu Sanders Theatre ku Harvard, ndi timavidiyo tifupitifupi ta Doug Lloyd tofotokoza mfundo imodzi imodzi. Malan amayankhula mothamanga ndipo amakonda zisudzo. Pophunzitsa binary search, njira yofunafunira chinthu pogawa mndandanda pakati mobwerezabwereza, amang'amba buku la manambala a foni pakati, n'kutaya theka, n'kung'ambanso, kusonyeza kuti buku la masamba 1,000 limatha pong'amba pafupifupi ka 10 kokha. Zimakoma kuonera, ndipo pomwepo ndi pamene pali ngozi. Mwana amamaliza lecture akumva ngati wamvetsa zonse, kenako akatsegula homuweki mutu umaima. Lecture imakupatsa zidutswa, homuweki imafuna uzilumikize wekha, ndipo mpata wa pakati pake anausiya dala.

Week 0 ndi Scratch, kukoka timabokosi m'malo molemba code. Amene anachita GCSE Computer Science amaimaliza madzulo amodzi. Moto umayamba Week 1 ndi chilankhulo cha C. M'masabata oyambirira homuweki zambiri zimabwera ziwiriziwiri, yopepukirapo ndi yolemera, ndipo kuti upeze satifiketi umangofunika imodzi. Amene akufuna kukaphunzira Computer Science ku yunivesite asankhe zolemerazo. Mu Week 1 yolemerayo ndi Credit: kulemba pulogalamu yoona ngati nambala ya khadi la kubanki ili yoona pogwiritsa ntchito njira ya Luhn. Umayambira pa nambala yachiwiri kuchokera kumapeto, kuchulukitsa ndi 2 nambala iliyonse yachiwiri, kuphatikiza manambala a zotulukazo, kuwonjezapo otsala aja, ndipo ngati zonse pamodzi zikuthera ndi 0 khadilo ndi labwino. Pafupifupi aliyense amagwa pa malo amodzi: amasunga nambala ya khadi mu int, mtundu wa malo osungira nambala mu C, pamene int imathera pa 2,147,483,647, manambala 10 okha, ndipo khadi lili ndi manambala 13, 15 kapena 16. Mankhwala ake ndi long, imene imasunga nambala zazikulu. Amene anayamba ndi Python sanakumanepo ndi malire otere, chifukwa Python imawabisa. Ichi n'chifukwa chake kosiyi imayambira pa C.

Week 2 ili ndi Readability, yoyeza kuvuta kwa nkhani yolembedwa pogwiritsa ntchito fomula ya Coleman-Liau, 0.0588 × L − 0.296 × S − 15.8. L ndi avareji ya zilembo ndipo S ndi avareji ya ziganizo pa mawu 100 aliwonse. Masamu ake ndi a pulayimale, koma mu C ukagawa int ndi int zotsalira zimatayidwa, 7 kugawa 2 imapereka 3. Pulogalamu imayenda bwinobwino, compiler siidandaula, koma yankho limaphonya ndi giredi imodzi pa nkhani zina n'kulondola pa zina. Cholakwa chotere, chosakuwa, ndi chimene chimaphunzitsa mwana kuyesa ntchito yake ndi dzanja papepala asanaikhulupirire.

Week 3 ndi ya ma algorithm, ndipo homuweki zake ndi za zisankho. Makolo amene anatsatira mkangano wa 50+1 ku Malawi ndi ku Zambia apeza pocheza ndi ana awo, chifukwa Plurality ndi ya wopambana ndi mavoti ochuluka chabe, pamene Runoff imachotsa wotsalira kumbuyo n'kugawa mavoti ake kufikira wina atadutsa theka. Yolemera yake ndi Tideman, imene yatchuka ngati homuweki yovuta kuposa zonse za CS50x. Magawo ake ambiri ndi osavuta. Limodzi lokha, lock_pairs, ndilo limagoneka anthu ndi njala: umayenera kuona ngati kuwonjezera muvi wina pakati pa opikisana awiri kungapange bwalo, A kugonjetsa B, B kugonjetsa C, C n'kubwereranso kwa A. Njira yachidule ndi recursion, pamene chigawo cha pulogalamu chimadziitana chokha, kuyambira pa wogonjayo n'kutsatira mivi yokhomedwa kale kuona ngati ufika kwa wopambana. Ambiri amalemba zoona bwalo la anthu atatu okha, ndipo check50 imawagwetsa pa mayeso a bwalo lalitali. Malangizo athu ndi akuti mwana atumize Runoff kaye kuti asatsekeredwe njira, apitirire, kenako adzabwerere ku Tideman atamaliza Week 5. Pamenepo recursion imakhala itakhazikika m'mutu ndipo ntchito ya masiku anayi imasanduka ya madzulo awiri.

Mtima wa kosi yonse uli mu Week 4 ndi Week 5. Amene adutsa pamenepa ndi manja ake watenga zambiri za mtengo wapatali zimene CS50x ili nazo.

Week 4 ndi ya memory ndi ma pointer, amene amasunga ma adiresi a zinthu mu memory. Mu Filter umasintha zithunzi za BMP pixel ndi pixel. Pa blur, pixel iliyonse imatenga avareji ya izo zoizungulira m'kabokosi ka 3 ndi 3. Zolakwa zake ndi ziwiri ndipo sizisintha chaka ndi chaka. Choyamba, kulemba zotsatira m'chithunzi chomwecho chimene ukuwerengamo, mwakuti pixel yotsatira imawerengera anzake osinthidwa kale. Pamafunika kukopera chithunzi chonse kaye. Chachiwiri, kugawa ndi 9 paliponse, pamene pixel ya pakona ili ndi 4 zokha ndipo ya m'mphepete ili ndi 6. Ukaiwala zimenezi umawerenga kunja kwa array, m'mphepete mwa chithunzi n'kuda kapena pulogalamu n'kufa. Recover ndiyo yosangalatsa kuposa zonse. Umapatsidwa fayilo ya card.raw, memory card imene zithunzi zake zinafufutidwa, ndipo umayenera kutulutsamo zithunzi 50 za JPEG. Umawerenga ma byte 512 nthawi imodzi, kufunafuna chizindikiro choyambira JPEG, 0xff 0xd8 0xff ndi byte yachinayi ya pakati pa 0xe0 ndi 0xef. Ukachipeza umatseka fayilo yakale n'kutsegula yatsopano. Segmentation fault, kufa kwa pulogalamu ikagwira memory yosaloledwa, imabwera pa zifukwa ziwiri: kutseka fayilo pa chithunzi choyamba pamene palibe imene inatsegulidwa, ndi kusungira dzina la fayilo malo 7 pamene 000.jpg imafuna 8, chifukwa C imaika byte ya ziro kumapeto kwa mawu aliwonse. Byte imodzi yokha, koma imatha kudya Loweruka lonse.

Week 5 ili ndi Speller, pulogalamu yoona masipelo pogwiritsa ntchito dikishonale ya mawu 143,091 imene umaisunga mu hash table yomanga wekha, imene imagawa mawu m'mabaketi potengera nambala yowerengeredwa kuchokera ku liwulo, yotchedwa hash. Code imene amakupatsa poyambira ili ndi mabaketi 26, limodzi pa chilembo chilichonse, ndiye avareji yake ndi mawu oposa 5,000 pa mndandanda umodzi, ndipo mawu aliwonse a m'nkhani amayenera kuyendera mndandanda wotero. Ukakweza mabaketi kufika masauzande makumi angapo n'kulemba hash yogwiritsa ntchito zilembo zonse za liwu, mndandanda uliwonse umatsala ndi mawu awiri kapena atatu, ndipo nthawi imatsika mooneka ndi maso pa sikirini. Apa Big O, muyeso wa mmene nthawi ya pulogalamu imakulira ntchito ikachuluka, imasiya kukhala chinthu choloweza pa mayeso. Zogwetsa zake nazo n'zodziwika: hash yosasintha zilembo zazikulu kukhala zazing'ono imatumiza liwu lomwelo ku mabaketi awiri osiyana, ndipo mu unload, gawo lobweza memory, ambiri amamasula node, chidutswa chimodzi cha mndandanda, asanasunge adiresi ya yotsatira. Valgrind, chida chofufuzira zolakwa za memory, imagwira cholakwa chachiwirichi, koma uthenga wake umaopsa poyamba. Mwana aphunzire kufunafuna dzina la fayilo yake ndi nambala ya mzere m'chipwirikiti chimenecho, zina zonse azisiye.

Zikatha izi msewu umatsetsereka. Week 6 imabwereza homuweki zakale mu Python, ndipo zimene zinatenga mizere 60 mu C zimatha ndi 15. Week 7 ndi SQL, chilankhulo chofunsira database, ndipo Fiftyville, kumene umafufuza wakuba pogwiritsa ntchito zolembedwa za ku ATM, za mafoni ndi za ndege, ndi homuweki yophunzitsa JOIN, kulumikiza matebulo a database, bwino kuposa mabuku ambiri. Week 8 ndiyo yofooka. HTML, CSS ndi JavaScript zonse zapanikizidwa mu lecture imodzi, ndipo mwana amatulukamo akudziwa kukopera zidutswa za Bootstrap koma JavaScript asakuimvetsa. Week 9 ndi Flask, chida cha Python chomangira mawebusayiti, ndi homuweki ya Finance, webusayiti yogulira ndi kugulitsa masheya ongoyerekezera, aliyense n'kuyamba ndi madola 10,000. Ndi yaitali osati yovuta, ndipo phindu lake lili pa zinthu zimene wogwiritsa ntchito angachite mwadala: kugula masheya −5, kulemba mawu pamalo pa nambala, kugulitsa zimene alibe. Imaphunzitsanso kusunga password yosinthidwa ndi hash ndi kuika zizindikiro za mafunso mu SQL m'malo momata mawu a wogwiritsa ntchito mwachindunji.

Pali chofooka chimodzi chachikulu chimene otsatsa kosiyi satchula kawirikawiri. Homuweki za sabata ndi sabata zimachongedwa ndi makina. Ophunzira a ku Harvard amene amakhala m'kalasi ali ndi owathandiza amene amawerenga code yawo n'kuwauza kuti apa mwabwereza, apa mukanagawa. Wa CS50x alibe zimenezo. Pulogalamu ya mizere 200 yodzaza ndi if pamwamba pa if imapeza zobiriwira zonse pa check50 chimodzimodzi ndi ya mizere 40 yolembedwa mwaluso. Choncho mwana amatha kumaliza kosi ali ndi zizolowezi zoipa zimene palibe anamuuza. Ngati pasukulu pali mphunzitsi wa Computer Science, ndi bwino kumupempha kuti awerenge homuweki ziwiri zokha, Speller ndi Finance, n'kunena zimene zikumunyansa.

Nkhani ya AI ndi yomveka bwino m'malamulo a kosiyi. Pa homuweki saloleza ChatGPT, Copilot ndi zina zotero. Chololedwa ndi AI yawo yooneka ngati bakha, bakha wa pa cs50.ai, amene anayamba mu 2023, ndipo anamukonza kuti azilozera njira osapereka yankho lathunthu. Amathandiza kwambiri pomasulira uthenga wa compiler ndi wa Valgrind, koma nthawi zina amazungulira pa mfundo imodzi kufikira munthu atatopa. Mayankho a homuweki zonse ali mbwee pa YouTube ndi pa GitHub, ndipo palibe amene angaletse mwana kuwakopera ali yekha kuchipinda. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene satifiketi yake ilili yopepuka: aliyense woona mafomu a ophunzira amadziwa kuti munthu akhoza kuipeza pa sabata ziwiri osaganiza n'komwe. Lamulo lina limene ambiri amaliphwanya mosadziwa ndi loletsa kuika mayankho a homuweki poyera. Ana amafuna GitHub yawo ioneke yodzaza, ndiye amaikapo homuweki monga Mario, Caesar ndi Speller. N'zoletsedwa, komanso sizithandiza, chifukwa anthu masauzande ali ndi mafayilo a mayina omwewo.

Chimene mwana angaonetse poyera ndi pulojekiti yomaliza, ndipo mphamvu zake zipite kumeneko. Amafuna pulogalamu ya mtundu uliwonse, vidiyo yosapitirira mphindi 3, ndi fayilo ya README ya mawu pafupifupi 750 yofotokoza zimene fayilo iliyonse imachita ndi chifukwa chimene anasankhira njira imeneyo. Ambiri amatenga Finance, kusintha mitundu ndi dzina, n'kuitcha pulogalamu yolembera zochita za tsiku. Imadutsa, koma palibe chonena za iyo. Pulojekiti yaphindu ndi imene munthu wina weniweni adzaigwiritse ntchito: yogawa masiku otumikira ku kwaya ya kutchalitchi, yosungira zopereka za chipereganyu cha amayi, yolembetsera zipinda zoyimbiramo kusukulu, yofananitsa mashifiti a kholo logwira ntchito yosamalira okalamba ndi ndandanda ya mabasi. Ikhale yaing'ono, matebulo atatu a SQLite ndi masamba anayi akwanira. Chofunika ndi chakuti anthu asanu aigwiritse ntchito kwa mwezi, aiphwanye, adandaule, mwana n'kukonza. Munthu adzalemba tsiku mobwerera, wina adzadina batani kawiri n'kulowetsa chopereka chimodzi kawiri, wina adzaitsegula pa foni yakale masamba n'kupiringizika. Zimenezo ndizo zodzalemba mu personal statement ndi zodzanena pa interview. Chenjezo limodzi: ngati ikusunga mayina, manambala a foni kapena ndalama za anthu enieni, malamulo a ku Britain oteteza chinsinsi cha anthu akukhudza, ndiye ayesere ndi mayina opeka ndipo database isapite pa GitHub.

Tsopano kulemera kwake pamaso pa mayunivesite. Satifiketi ya CS50x ilibe mapointi a UCAS Tariff, amene mayunivesite ena amawerengera posankha ophunzira, ngakhale imodzi, ndipo siilowa m'malo mwa giredi iliyonse. Makosi amphamvu a Computer Science amayang'ana masamu choyamba. Cambridge ndi Imperial amafuna magiredi a A*A*A kapena kuposa, A-level Maths ili yokakamiza, Further Maths nayo ili yofunika kwambiri, ndipo onse awiri amalembetsa TMUA, mayeso a mapepala awiri, lililonse la mafunso 20 pa mphindi 75, opanda calculator. Mayunivesite ambiri safuna n'komwe A-level Computer Science. Tanthauzo lake ndi losavuta kumva ngakhale limawawa: mwana amene wathera maola 150 pa CS50x m'teremu ya mayeso a Year 12, giredi yake yoyembekezeka ya Maths n'kutsika kuchoka pa A* kufika pa B, wadzitsekera makomo amene kosiyi singamutsegulirenso. Aphunzitsi amalemba magiredi oyembekezeka potengera kwambiri mayeso a kumapeto kwa Year 12 amenewo.

Nthawi yake yabwino, choncho, ndi tchuthi cha pambuyo pa GCSE. Mayeso amatha mu Juni, sixth form imayamba mu Seputembala, pakati pali milungu pafupifupi 10 yopanda homuweki. A edX amati kosiyi imatenga milungu 12 pa maola 6 mpaka 18 pa sabata, ndipo kwa woyamba kumene nambala yam'mwambayo ndiyo yoona pa Week 3 mpaka 5. Amene ayamba kumapeto kwa Juni akhoza kufika pa Speller sukulu isanatsegulidwe, n'kumaliza zopepukazo pang'onopang'ono pofika Khirisimasi, pulojekiti yomaliza n'kuipatsa miyezi ingapo. Amene mwayi umenewo unamudutsa agwiritse ntchito tchuthi cha pakati pa Year 12 ndi Year 13, cha milungu 6, koma asayembekezere kumaliza zonse. Kufika Week 5 ndi kapulojekiti kake kamodzi n'kokwanira kulemba zomveka. Kuyamba mu Year 13 sitikulangiza. Kosiyi imakonzedwanso chaka chilichonse ndipo tsiku lotsekera nthawi zambiri limakhala kumapeto kwa Disembala, ndiye amene adutsa chaka aone pa gradebook yake zimene zawoloka ndi zimene akufunika kubwereza.

Kwa amene akuchita A-level Computer Science, kosiyi imathandiza pa ma algorithm, ma data structure ndi SQL, koma C si chimodzi mwa zilankhulo zimene AQA, limodzi mwa mabungwe olembetsa mayeso, imalola pa pepala lake lolembera pa kompyuta. Kumeneko kuli Python, C#, Java ndi VB.Net. Phindu lalikulu lili pa NEA, pulojekiti imene imatenga 20 peresenti ya giredi ku AQA ndi ku bungwe linzake la OCR komwe. Amene wamanga kale webusayiti ya Flask yokhala ndi database amalowa mu NEA akudziwa kukula kwa ntchito imene angaikwanitse. Koma asatenge pulojekiti ya CS50 n'kuipereka ngati NEA osauza mphunzitsi, chifukwa NEA ili ndi malamulo ake a mmene ntchito iyenera kuyang'aniridwira, ndipo mamakisi ena ali pa kufufuza, kukonza mapulani ndi kuyesa, osati pa code yokha. Njira ina ndi EPQ, pulojekiti yapadera imene wophunzira amadzisankhira pambali pa ma A-level, imene ikhoza kukhala chinthu chomanga pamodzi ndi lipoti, ndipo iyo ili ndi mapointi a UCAS okwana 28 pa A*. Pofuna kubwereza silabasi yeniyeni ya mayeso, Ada Computer Science, ya Raspberry Pi Foundation ndi University of Cambridge, ndiyo yoyenera, ndipo nayo ndi yaulere.

Personal statement yonse ili ndi malire a zilembo 4,000, kuwerengera ndi mipata yomwe. Chiganizo chonena kuti mwana anamaliza CS50 ya Harvard ndipo inakulitsa chidwi chake chimadya malo popanda kunena kanthu. Ziganizo zitatu zonena kuti Speller yake inkachedwa chifukwa mawu ambiri ankagwera m'mabaketi ochepa, kuti anayeza kutalika kwa mindandanda, anasintha hash, nthawi n'kutsika kuchoka pakuti kufika pakuti, ndipo zinamupangitsa kuwerenga chifukwa chimene hash table imatha kuchedwa ngati mndandanda wamba zinthu zikaipa, zimenezo zimaonetsa munthu woganiza. Manambala akhale ake enieni, olembedwa tsiku limene anawaona. Ndi chifukwa chake timalangiza kabuku ka zolakwa: tsiku, chimene chinafa, chimene ankaganiza, chimene chinali vuto lenileni. Pakatha chaka palibe amene amakumbukira zimenezi, ndipo ku Oxford ndi Cambridge ofunsa amatha kutenga chiganizo chimodzi cha mu statement n'kuchifunsa mozama.

Amene akuyang'ana degree apprenticeship, monga ya Level 6 ya Digital and Technology Solutions, kumene bwana amalipira fizi ndipo wophunzira amalandira malipiro, apeza kuti kosiyi imagwira ntchito mosiyanako. Fizi ya yunivesite kwa ophunzira a m'dzikomo inali £9,535 m'chaka cha 2025/26, ndiye mpikisano wa malo amenewa ndi woopsa, ndipo makampani akuluakulu ambiri amatsegula mafomu kumayambiriro kwa Year 13. Mayeso awo a code a pa intaneti, wodutsa Week 5 ndi 6 amawakwanitsa. Koma mafunso a pa interview amakhala a nthawi imene unagwira ntchito ndi anzako, nthawi imene munasemphana maganizo, nthawi imene unafotokozera munthu wosadziwa za makompyuta. Apa CS50x ilibe chopereka. Ndi kosi ya munthu mmodzi. Siiphunzitsa Git, chida chosungira mbiri ya code pogwira ntchito ndi ena, mozama, ma branch ndi ma pull request, siiphunzitsa kulemba mayeso a code yako chifukwa check50 imakuchitira, ndipo siikuika pa code yaikulu yolembedwa ndi anthu ena. Mutu umodzi susenza denga, ndipo olemba ntchito amafuna umboni woti mwana anasenzapo ndi anzake. Malamulo amalola pulojekiti yomaliza kuchitidwa ndi anthu awiri kapena atatu, ndipo mwayi umenewu ndi wofunika kuutenga. Kuthandiza kalabu ya code ya ana a Year 7, kapena sabata imodzi ku ofesi ya IT ya kampani yaing'ono ya m'tauni, kumadzaza mpata umene kosiyi imasiya. CS50x isalembedwe pa CV pansi pa mutu wa ntchito zimene munthu anagwirapo. Malo ake ndi pa maphunziro owonjezera.

Si aliyense ayenera kuyambira pa CS50x. Mwana amene sanalembepo code, amene ali ndi ma A-level anayi kapena amagwira ganyu Loweruka ndi Lamlungu, ayambe ndi CS50P, ya Python yokha, ya Malan yemweyo. Homuweki zake ndi zazifupi, ndipo ili ndi sabata yathunthu ya kuyesa code ndi pytest, chinthu chimene CS50x ilibe. Amene akufuna za chitetezo cha makompyuta kapena za data apeza makosi ena a banja lomweli, a Cybersecurity ndi a SQL. Ndipo amene anamaliza Tideman akuseka asataye nthawi kusonkhanitsa masatifiketi ena: apemphe mphunzitsi amulembetse British Informatics Olympiad, imene gawo lake loyamba limalembedwa pasukulu mu Disembala kwa maola 3, ndipo ayeserere ndi mapepala akale ndi mafunso a Advent of Code.

Ophunzira a A-level a ku Malawi, monga a ku Kamuzu Academy kapena St Andrew's ku Blantyre, amene akufuna kudzalembera mayunivesite a kunja, kosi ndi yomweyi ndipo satifiketi yaulere ndi yomweyi. Chosiyana ndi bandulo ndi magetsi. Lecture iliyonse ikhoza kutsitsidwa pa kukula kosiyanasiyana, ndipo yotsika kwambiri imaoneka bwino mokwanira ngati manotsi ndi source code za tsamba la sabatalo zili pambali, chifukwa code ya pa sikirini ya Malan ndi imene imasowa kuwerengeka. Cs50.dev imafuna intaneti yosaduka, ndiye kumene netiweki imagwagwa ndi bwino kulemba ndi kuyesa code pa laputopu yomwe, ndi gcc kapena clang pa Linux kapena pa WSL ya Windows, ataikapo laibulale ya cs50 kuti get_int ndi get_string zigwire, n'kulowa pa intaneti pa nthawi ya check50 ndi submit50 yokha.